Kaya wa m'Kope la Limbani

Lolemba

Lero akwana masabata atatu chimuikireni Limbani. Sukulu ili pa holide, laibulale imene ndimagwiramo ntchito njotseka, ndilibe kothawira. Ndasesa m'nyumba kawiri. Amayi akuti ndimaliza simenti.

Pogawa katundu wa mlongo wangayo, amalume anatenga TV, asuweni nsapato, ine foni ndi kope lachikuto chobiriwira. Onse anandiyang'ana mwachisoni ngati andibera. Sankadziwa kuti kopelo ndi limene ndinkalifuna. Ife a mabuku timakhulupirira kuti munthu aliyense anabisala penapake papepala.

Foni yake ikungonjenjemera patebulo. Ndi gulupu yotchedwa Alosi a ku Kawale. Muli anyamata, abambo a ndevu zawo, ndi mtsikana mmodzi wa ku Biwi amene amangotumiza zithunzi za amphaka. Ntchito yawo: kulosera magemu a pa TV amene makampani akunja sanawalengeze. Amasaka chimene akuchitcha liki, chinsinsi chimene chadontha kuchokera ku kampani ngati denga la kukhitchini kwathu. Zaka zonsezi ndinkati Limbani akungosewera. Kani ankatchera ndowa.

Masana ndapita kukabweza mapadi awiri, togwira m'manja posewera tija, kushopu ya magemu ya a Mbewe kuseri kwa msika. Pakhoma pali bolodi lakuda. Mayina, ndipo kutsogolo kwa dzina lililonse timizere ta choko, kamzere kamodzi pa ulosi uliwonse umene unachitikadi.

Pamwamba: LIMBANI. Pansi pake: VITU. Timizere tawo n'tofanana ndendende, ndawerenga katatu. Limbani ali pamwamba chifukwa anayamba kufikapo ndi iye, ndipo wapamwamba amatchedwa Mneneri. Mlongo wanga amene ankaiwala kuzimitsa mbaula. Mneneri.

Loweruka masana kampani ina ya ku Japan ionetsa pa intaneti gemu yatsopano ya mlenje wa lupanga lalitali. Wolosera dzina lake molondola alandira kamzere. Vitu akalasa, akwera, Limbani atsika.

A Mbewe akuti: "Asisi, malamulo ndi malamulo. Koma nsanza yofufutira ndiigwira ndi dzanja lolemera."

Vitu ndi Vitumbiko wa ku Area 25, amagwira ntchito ku Kanengo. Pamaliro ananyamula bokosi kutsogolo. Analira kuposa ine. Anaimba nyimbo ya Chitumbuka imene amayi a mvano akuikambabe mpaka lero. Amayi amamutchula kuti "mwana wanga". Ine pamaliropo ndinkangotumidwa kukagula mchere.

Pulani:
1. Kuwerenga kope lonse.
2. Kupeza dzina la gemu.
3. Kulipereka m'dzina la Limbani Loweruka lisanafike.
4. Vitu akhale wachiwiri mpaka kalekale.

Ndawerenga mabuku ochuluka kuposa gulupu yonseyo kuiphatikiza pamodzi. Sizingavute.

Lachiwiri

Kusukulu zolemba za Limbani zinali ngati papalasa nkhuku. M'kope muno zilembo zaima mwadongosolo ngati akwaya. Ine sanandilemberepo ngakhale khadi la tsiku lobadwa. Anthu a ku Japan, amene sanamvepo za Kawale, anawalembera kope lathunthu.

Modontha chinsinsi, malinga ndi Limbani:
– Zotsatsa ntchito. Kampani ikafuna wodziwa kujambula mahatchi, ndiye kuti mugemu muli mahatchi.
– Kaundula wa mayina a malonda. Asanagulitse chinthu amayamba alembetsa dzina.
– Mabungwe oona ngati gemu ndi yoyenera ana. Amatulutsa mndandanda wawo osafunsa mwini.
– Masitolo a pa intaneti, amene amaika tsamba nthawi isanakwane n'kulichotsa mwamanyazi.
– Olankhula m'malo mwa anthu a mugemu. Amadzitama pa CV, ngati wina aliyense.

Pansi analemba: "Usakhulupirire munthu woti malume anga amagwira konko."

Izitu ndi za laibulale zenizeni. Magwero, kufananitsa, kukayikira. Akanandiuza bwenzi tikuchitira limodzi, ine ndikanabwera ndi makadi a ku laibulale. M'malo mwake, m'mbali mwa tsamba lililonse: "funsa Vitu", "Vitu akuti ayi", "Vitu wanama kkkk". Ine ndikupezeka kamodzi: "chaja kwa asisi".

Kenako tsamba lomaliza kulembedwa, la sabata imene anayamba kudwala.

Dzina la gemu ya mlenje: Kaya.

K wamkulu. Mizere iwiri kunsi, yodinda mpaka yatulukira kuseri kwa pepala.

Ndaimirira. Ndakhala. Ndaimiriranso. Analidziwa!

Ndalembera gulupu pafoni yake, nditayamba ndanena kuti ndine mlongo wake, kuopa kuti ena angakomoke poona malemu akulemba. Funso langa: ulosi ukakhala m'kope la womwalira, ungawerengedwe kwa iye? A Mbewe: "Zolemba za Mneneri ndi za Mneneri." Woyamba kuvomereza ndi Vitu. Chala chachikulu ndi kamtima. Kamtima ka chiyani?

Dzinalo sindinawauze. Ndiyambe ndapeza umboni. Sindine wa malume anga amagwira konko.

Lachitatu

Ndagula bandulo yaikulu. Magetsi azima ndisanamalize tiyi. Ndakatchajitsa foni pa sola ya aneba, ndakhala pakhonde pawo m'mawa wonse ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Zimene ndapeza za Kaya:
– ku Japan ndi mtengo wa m'nkhalango, umene amasemera matabwa a masewera awo akale
– ku Japan komweko ndi neti ya udzudzu
– ku Korea unali ufumu wakalekale
– ku Turkey ndi thanthwe
– kwinakwake ndi jamu wa kokonati

Jamu ndamuchotsa. Neti ndaiika pambali, ngakhale mlenje wogona kutchire angaifune ndithu.

Masana ndapeza umboni weniweni. Chaka chatha kampaniyo inkafuna munthu wodziwa kujambula mitengo ndi masamba. Mitengo! Kaya ndi mtengo, mtengo wa masewera, wa ku Japan. Ndalemba zonse pamakadi a ku laibulale, ndayala pamphasa, ndalumikiza khadi ndi khadi ndi ulusi wa Amayi wolukira juzi.

M'kaundula wa mayina mulibe Kaya wa kampaniyo. Muli Kaya wa anthu opanga sopo. Kubisa kumeneko. Kampani yochenjera ikhoza kulembetsa dzina kudzera kwa a sopo, ndinawerengapo zoterezi m'mabuku a akazitape.

Amayi aima pakhomo ndi lichero. Ayang'ana makadi, ayang'ana ulusi wawo, ayang'ana kope.

"Kaya ameneyu si kaya yemweyu timanena ifeyu?"

Ndawafotokozera mofatsa za K wamkulu ndi mizere iwiri. Munthu sadula mizere iwiri kunsi kwa chinthu chimene sakuchidziwa.

"Limbani wake uti?" atero, n'kupita kukapeta mpunga.

Amayi sanawerenge mabuku a akazitape.

Pagulupu Vitu watumiza chithunzi cha iye ndi Limbani ali m'minibasi, akuseka, mano onse panja. Sindinachionepo. Anthu aikapo timitima mpaka foni yatentha. Malaya amene Limbani wavala pachithunzipo ndinamugulira ndine, ndinasankha ndekha pakaunjika ku Mchesi, dzuwa likuswa mutu. Palibe wafunsa.

Lachinayi

Ndatumiza ulosi pagulupu. Ndime zisanu, magwero pansi, ndi chithunzi cha tsamba la m'kope.

Kenako wina watumiza nkhope yoseka mpaka misozi, n'kuifufuta msanga. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu. Foni yadzaza ndi "uthengawu wafufutidwa". Mtsikana wa ku Biwi watumiza mphaka wodziphimba kumaso.

A Mbewe: "Talandira, asisi. Mzimu wake uuse mumtendere."

Sindinafunse za mzimu.

Masana Vitu watumiza ulosi wake. Mzere umodzi: dzina la Chingerezi lonena za phulusa ndi mwezi. Ndi chithunzi chimodzi chosaoneka bwino. Sitolo ina ya ku Ulaya inaika tsamba la gemuyo molakwitsa, iye anajambula isanachotse. Akuti ankadya chipisi ku Kanengo nthawi ya nkhomaliro. Basi. Ine ulusi wa juzi yathunthu, iye chipisi.

Gulupu: "Akatundu." "Vitu ndi dolo." "Mneneri watsopano ameneyo." Womalizayu wafufutanso, koma ndinali nditaona kale.

Ndatsegula macheza a Vitu ndi Limbani kuti ndione ngati anabera penapake. Ndakweza ndi chala mpaka chauma, sindinafike poyambira. Zaka. M'mawa uliwonse. Ambiri ndi mavoisi, koma sakulira, Limbani ankafufuta chifukwa foni inkadzaza. Pangotsala timizere totuwa ndi kutalika kwake: mphindi ziwiri, mphindi zinayi, mphindi zisanu ndi ziwiri. Anayankhula chiyani mphindi zisanu ndi ziwiri, munthu amene kunyumba ankayankha ndi mphuno?

Macheza a iye ndi ine, mwezi womaliza:
– Asisi geti
– Asisi ndiwo zilipo?
– Ok
– Asisi geti

Sindikudana naye Vitu. Ndilembe bwinobwino zimenezi. Ndi mnyamata waulemu, sanandilakwire. Ndikungofuna kuti tsiku lina apunthwe pang'ono, anthu akuona.

Madzulo uthenga wake, wa ine ndekha: "Asisi, ndingadzere kunyumba mawa ndikaweruka? Pali kanthu."

Mantha amenewo. Waona ndime zisanu.

Lachisanu

Wabwera ndi nthochi. Wavula chipewa pageti, wapereka moni ndi manja awiri. Amayi amuthirira tiyi m'kapu ya Limbani, kapu imene ine sindinaloledwe ngakhale kuitsuka masabata atatu onsewa.

Amayi atalowa m'nyumba watsitsa mawu. "Asisi, musandimve molakwika. Limbani akalemba kuti Kaya..."

Ndamuuza kuti kope ndawerenga lonse, tsamba ndi tsamba.

"Ndi kumbuyo komwe? Ankalizondotsa n'kumalembanso kuyambira kumapeto."

Amadziwa kuti kope lili ndi kumbuyo. Ine, wa laibulale, sindinkadziwa.

Wazunguza kapu m'manja kanthawi. Kenako: "Ndikhoza kuchotsa ulosi wanga. Ndinena kuti chithunzi chija ndikuchikayikira. Bolodi likhale mmene lililimu."

Ndinayenera kungoti zikomo. Dzina la mlongo wanga likanakhalabe pamwamba, chimene ndakhala ndikuchifuna kuyambira Lolemba. Koma likanakhalapo chifukwa Vitu walola. Bokosi ananyamula ndi iye, nyimbo anaimba ndi iye, ndiye ichinso akhale wamupatsa ndi iye?

Ndati: "Siyani momwemo, achimwene. Tionana mawa kwa a Mbewe."

Amayi amuperekeza mpaka pasiteji. Ine sanandiperekezepo ngakhale kufika pageti.

Ndazondotsa kope.

Magetsi ayaka nthawi yanji? Kaya.
Padi ya a Mbewe wathyola ndani? Kaya.
Mtsikana wa ku Biwi ali ndi chibwenzi? Kaya. (Apa mizere itatu.)
Mutuwu ukupwetekeranji chonchi? Kaya.

Monsemo K wamkulu. Monsemo mizere kunsi.

Poyamba ndaganiza kuti dzinali wakhala akulilondola kwa zaka ziwiri. Ganizo limeneli lakhala mphindi imodzi, ndipo inali mphindi yabwino.

Pa funso la mutu ndakhalapo nthawi yaitali. Ifetu anatiuza kuti ndi dzuwa chabe.

Ulusi ndaukulunga, ndaubwezera m'basiketi ya Amayi.

Nambala ya Vitu ili pafoni. Akhoza kuchotsabe ulosi wake, ndingoimba. Ndaiyang'ana. Foni ndaiika m'kabati, pansi pa mbale za alendo.

Loweruka

Ndikupitabe. Dziko ndi lalikulu, ndipo mtengo uja ulikodi.

Shopu yadzaza. Fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. Andipatsa mpando wokhawo wokhala ndi chotsamira. A Mbewe alumikiza foni ku TV yaikulu. Netiweki ikukoka miyendo. Bambo wa suti wa ku Japan wauma pa TV, kukamwa kuli yasa, osayenda osabwerera. Wina kumbuyo: "Watsamwa mbatata ameneyo, mupatseni madzi."

Ayamba ndi magemu ena. A magalimoto. A mpira. Ina ya munthu wolima kabichi, ndipo abambo a ndevu zawo akuomba m'manja, anthu oti kwawo khasu analithawa.

Kenako mdima pa TV, ng'oma, lupanga.

Nkhalango. Mitengo italiitali, masamba ojambulidwa bwino, ntchito ya munthu uja anamulemba chaka chatha. Ndagwira mkono wa a Mbewe. Shopu yonse yatembenukira kwa ine. Kwa kanthawi kameneko ndinali Mneneri.

Kenako nkhalangoyo yapsa. Phulusa. Mwezi watuluka. Dzina ladzaza TV yonse, ndendende mmene analembera Vitu.

Palibe wakuwa. Bola akanakuwa.

A Mbewe anyowetsa nsanza. Dzanja lawo silinalemere monga analonjezera, mwina linazolowera. VITU pamwamba. LIMBANI pansi pake, m'zilembo zatsopano za a Mbewe. Zakale zija analemba yekha, ndi L wopendama ngati akufuna kugona. Zimenezi sindinaziganizire dzulo. Ndinkangoganiza za pamwamba ndi pansi, osati kuti zilembo zake zipita ndi nsanza.

Vitu watuluka panja. Ndamuona pawindo atatsamira mpanda, mapewa akugwedezeka. Ngakhale tsiku lopambana, kulira akundiposabe.

Potuluka a Mbewe andilozera pansi penipeni pa bolodi. Dzina latsopano, lopanda kamzere ngakhale kamodzi: ASISI KAYA.

"Aliyense wopereka ulosi amalowa, asisi. Malamulo ndi malamulo."

Ndisanadutse pamsika wina wandiitana kale ndi dzinalo ali pakabaza. Ndi liki yokhayo imene ndayambitsa ine, ndipo yafika kunyumba ine ndisanafike.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki unali wa kaduka. Amayi andigunda ndi chigongono kawiri.

Vitu wadya nafe masana, anaitanidwa kale Lachisanu pasiteji paja. Mpunga mbale ziwiri. Mneneri.

Potsanzika wati: "Kwathu kumpoto kaya ndi kumudzi, asisi. Timati kukaya. Nditaona tsamba lomaliza lija ndinaganiza zimenezo, kuti mwina analemba kumene ankapita."

Ndinafufuza Japan, Korea, Turkey, mpaka jamu wa kokonati. Tanthauzo lokhalo loyenera linali ku Area 25, minibasi ziwiri kuchokera pano, ndipo analisunga ndi Vitu. Zonse amasunga ndi Vitu.

Dzuwa lisanalowe foni yayamba kunjenjemera. Mavoisi a Limbani. Vitu sanafufute ngakhale imodzi, ndipo akutumiza zonse, imodziimodzi, kuyambira zakale. Pamwamba walemba: "Ndi zanu izi."

Ndasankhapo zitatu n'kumvera. Yoyamba akudandaula za netiweki. Yachiwiri akungoseka, palibe liwu lomveka. Yachitatu ndi ya mphindi zisanu ndi ziwiri ija. Chapakati:

"Dzina? Kaya, mani. Kaya. Asisi anga ndiye akanalipeza, aja amawerenga ndi pepala lokulungira chipisi lomwe. Koma usawauze, angandiyambitse makadi."

Ndabweza kasanu. Amayi aima pakhomo lichero lili m'manja, osalowa, osachoka.

Ndiye kuti ankadziwa kuti ndilipo. Anauza Vitu. Ine anandiuza kuti geti.

Bolodi lili chonchi: Vitu, Limbani, anthu ena ambiri, ine. Mugulupu sindinatuluke. Mtsikana wa ku Biwi wanditumizira mphaka wangawanga, wogona pabuku. Za mizere itatu ija sindinamuuze.

Pakati pa kope pali masamba oyera, pamene zakutsogolo ndi zakumbuyo sizinakumane. Ndalembapo:

Vitu ndidzasiya liti kumuchitira nsanje? Kaya.

K wamkulu. Ndadula mzere kunsi, kenako wina, ndipo bolopeni yaboola pepala. Amayi ankanena zoona. Munthu amadinda kwambiri pamene sakudziwa.